Momwe mungapemphere kuti ndalama zosamalira mwana zikwezedwe zinthu zikasintha

Chigamulo chathu chinatuluka mwana wanga ali ndi zaka 3, asanadziwe n'komwe khomo la sukulu. Ndalama imene woweruza anatchula tsiku limenelo inkakwana chakudya, sopo ndi zovala, n'kutsalako pang'ono pa mankhwala. Patapita zaka 5, ndalama inali yomweyo koma mwana anali wina. Nsapato zinkamuthina chaka chisanathe, kusukulu ankafuna fizi ndi mabuku, ine ntchito inali itandithera, pamene bambo ake anali atawakweza paudindo. Ndinkadandaulira aliyense wondimvera, koma kumalo kumene akanasintha zinthu sindinkapondako. Tsiku limene ndinapita, kalaliki wa khoti sanandifunse mmene ndikuvutikira. Anangoti: "Mayi, chasintha n'chiyani chiperekereni chigamulo? Nanga umboni wake uli kuti?" Ndinalibe pepala ngakhale limodzi m'manja.

Nkhani yonse yagona pa funso limenelo. Woweruza sakweza ndalama chifukwa choti mwatopa, ngakhale kutopako n'koona. Amakweza akaona papepala kuti zinthu sizilinso mmene zinalili pamene ankagamula. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, mayina a maofesi ndi mafomu amasiyananso, koma kayendetsedwe kake n'kofanana m'malo ambiri. Ndikamati "kholo linalo" ndikunena amene amapereka ndalama, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Pajatu alipo abambo amene akulera okha ana, alipo agogo ndi azakhali amene mwana anawatsalira m'manja.

Musanayambe, tayani manyazi. Simukupemphetsa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, m'ndime 27, limati makolo ndiwo ali ndi udindo woyamba wopatsa mwana zofunika pa moyo wake malinga ndi mmene angathere ndi chuma chawo, ndipo limauza maboma kuti aonetsetse kuti ndalama zosamalira mwana zikutoleredwa, ngakhale kholo litakhala kunja kwa dziko. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana la mu 1990 limawonjezera kuti mwana asamanidwe chisamaliro chifukwa cha mmene ukwati wa makolo ake ulili. Ndalamayo ndi ya mwana, inu mumangomuimira.

Yambani ndi chigamulo chakale

Chitulutseni pamene munachisunga, muchiwerenge modekha mpaka mzere womaliza. Ngati chinatayika, pitani kukhoti limene linachipereka mukapemphe china. Nambala ya mlandu, kapena mayina anu awiri ndi chaka, zimathandiza kalaliki kupeza fayilo. Onani tsiku limene chinaperekedwa, kuchuluka kwa ndalama, zimene ndalamayo ikuyenera kulipira, ndiponso ngati fizi ndi zakuchipatala zinalembedwa pazokha. Zigamulo zina zili ndi mzere wonena kuti ndalama izikwera yokha chaka chilichonse. Alipo anthu amene akhala zaka akulandira ndalama yakale pamene pepala lawo lomwe linanena kale kuti izikwera.

Apa musiyanitse nkhani ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Ngati kholo linalo silikulipira zimene linalamulidwa, imeneyo ndi ngongole, ndipo ili ndi dandaulo lakelake lokakamiza kulipira. Kupempha kuti ndalama ikwere ndi nkhani ina. Mungathe kudandaula zonse ziwiri, koma mulembe padera, kuopa kuti tsiku lonse lithera pa kukangana za miyezi yotsalira, za kukweza osakambidwa. Ndipo ngati munangogwirizana pakamwa, palibe chigamulo choti chikwezedwe. Chimene mukufuna inu ndi chigamulo choyamba.

Tchulani chimene chasintha

Tengani pepala, mulembe chiganizo chimodzi: pa nthawi ya chigamulo zinali motere, lero zili motere. Mukalephera kulemba chiganizo chimenechi, simunakonzeke kupita kukhoti.

Kusinthako kumachokera mbali zingapo. Mwina ndi mwana: wayamba sukulu, wapita kusekondale, wapezeka ndi matenda ofuna mankhwala a mwezi ndi mwezi, kapena ali ndi ulumali wofuna chisamaliro chapadera. Mwina ndi inu: ntchito yatha, malipiro achepa, mwadwala moti simungagwire ntchito ngati kale. Mwina ndi kholo linalo: lakwezedwa pantchito, bizinesi yakula, lalandira chuma chamasiye, kapena ana ena amene linkawasamalira akula n'kuima paokha. Pali chinanso chimene ambiri amaiwala, masiku amene mwana amagona kwa kholo lililonse. Ngati chigamulo chinawerengera kuti mwana azikakhala kwa bambo ake kumapeto kwa sabata iliyonse koma tsopano samapitako, katundu yense wagwera inu, ndipo kumenekonso ndi kusintha.

Kukwera mitengo kwa zinthu nako ndi chifukwa, makamaka pakadutsa zaka. Mitengo ikamakwera ndi 10 peresenti chaka chilichonse, zimene munkagula ndi 100 zimafuna 161 pakutha pa zaka 5. Ndalama ya pachigamulo imaoneka yomweyo papepala pamene mphamvu yake yaphwa. Komabe musapite ndi mawu akuti "zinthu zadula" okha, chifukwa zadulira kholo linalo lomwe. Onetsani mmene zadulira mwanayu.

Oweruza ambiri amafuna kusintha kwakukulu ndithu, kokhalitsa, komanso kosachita kudzipangira. Kudwala kwa milungu iwiri sikusuntha chigamulo. Kusiya ntchito mwadala kuti mnzanu alipire zambiri kumakutembenukirani.

Funsani muyezo wa dziko limene mlandu wanu uli, chifukwa apa ndi pamene maiko amasiyana kwambiri. Ku England, bungwe la Child Maintenance Service limaunikanso ndalama chaka chilichonse, ndipo pakati pa chaka limawerengeranso ngati malipiro a kholo lopereka asintha ndi 25 peresenti kapena kuposa. Kumeneko amayang'ana zimene kholo lopereka limapeza, zanu inu wolera sizilowa m'masamu, moti kutha kwa ntchito yanu pakokha sikukweza kanthu. Ku America, kholo limene mlandu wake uli ku ofesi ya boma yoona za ndalamazi lingapemphe kuti chigamulo chiunikidwenso pakadutsa zaka 3, ndipo likafuna zisanakwane liyenera kuonetsa kuti pasintha zambiri. Ku South Africa, lamulo la Maintenance Act la mu 1998 limalola kupempha chigamulo chatsopano m'malo mwa chakale ngati pali chifukwa chomveka, ndipo makolo onse awiri amagawana katundu malinga ndi mphamvu zawo. Funso limodzi kwa kalaliki, loti "kuno mumayang'ana chiyani kuti mukweze?", lingakupulumutseni miyezi yosonkhanitsa mapepala osafunika.

Kope ndi malisiti

Ntchito yeniyeni ili apa, ndipo ndi yotopetsa. Gulani kope limodzi la mwana yekha. Kwa miyezi iwiri kapena itatu, lembani chilichonse chimene mwamugulira kapena kumulipirira, tsiku lake ndi mtengo wake, tsiku lomwelo musanagone. Ine ndinkalemba mwana atagona, kope lili pabondo, malisiti nditawayala pabedi. Mwezi woyamba nditawonkhetsa ndinabwereza kawiri, kuganiza kuti ndalakwitsa, chifukwa ndalama ya bambo ake inkatha lisanafike tsiku la 10 la mwezi. Zaka zonsezo ndinkangodziwa kuti sikukwana, koma sindinkadziwa kuti ikuperewera ndi zingati.

Malisiti a m'sitolo amafufutika. Ndinasunga ena m'chikwama cha pulasitiki, pofika tsiku la mlandu anali atayera mbee ngati sanalembedwepo. Ajambuleni ndi foni tsiku lomwelo, kapena muwachititse fotokope. Zimene mwagula popanda lisiti lembani m'kope basi. Kope lolembedwa tsiku ndi tsiku, la inki zosiyanasiyana, limakhulupirika kuposa ndandanda yolembedwa usiku umodzi. Kusukulu pemphani kalata yonena fizi ndi zina zimene amafuna pa teremu. Kuchipatala pemphani kalata ya dokotala yonena matenda a mwana, mankhwala ake, ndi nthawi imene adzawafune.

Pali zolipira zimene sizibwera mwezi uliwonse: yunifomu, nsapato, mayeso, magalasi a maso. Ziwonkhetseni za chaka chonse mugawe ndi 12, kuti zilowe m'chiwerengero cha pamwezi. Palinso zimene mumagwiritsa ntchito nonse m'nyumba, monga lendi, magetsi, madzi ndi chakudya. Mwana sagona panja, ndiye gawo lake liwerengedwe. Njira imene makhoti ena amailandira ndi kupatsa wamkulu magawo awiri, mwana gawo limodzi. M'nyumba ya kholo limodzi ndi ana awiri muli magawo 4, choncho mwana aliyense amatenga gawo limodzi mwa magawo 4 a lendi.

Musakokomeze. Woweruza waona ndandanda zambirimbiri, amadziwa mtengo wa kulera mwana. Akapeza nambala imodzi yonenepetsedwa, amayamba kukayikira zonse, ndi zoona zomwe. Konzaninso mapepala a thumba lanu: mapepala a malipiro a miyezi ingapo yapitayi, sitetimenti ya kubanki, kalata yokuchotsani ntchito ngati yatha, ndi umboni woti mukufunafuna ina. Adzakufunsani, ndipo chimene mwabisa chikatulukira pakamwa pa kholo linalo chimawononga mlandu wabwino.

Pezani nambala yoti mupemphe

Musapite kukanena kuti "awonjezereko". Tchulani ndalama, muonetse mmene mwaipezera. Kumene makolo amagawana malinga ndi zimene aliyense amapeza, masamu ake ndi otere. Tinene kuti pa nthawi ya chigamulo mwana ankafuna 100 pamwezi, inu munkapeza 200, kholo linalo 300. Pamodzi ndi 500, gawo lake linali magawo 3 mwa 5, ndiye ankapereka 60. Lero mwana akufuna 180, inu mukupeza 100, iye 500. Pamodzi ndi 600, gawo lake ndi magawo 5 mwa 6, kutanthauza 150. Lembani masamuwa patsamba limodzi, zakale kumanzere, zalero kumanja. Kumene boma lili ndi ndondomeko yakeyake yowerengera, gwiritsani ntchito imeneyo.

Powerengera muonenso mbali yoopsa. Mukatsegula fayilo, woweruza amayang'ana zonse. Ngati kholo linalo ntchito yamuthera, ladwala, kapena lili ndi ana ena ang'onoang'ono amene lamulo limawawerengera, ndalama ingakhale pomwepo, mwinanso kutsika. Ngati inu ndi amene mukupeza bwino kuposa kale, ganizani kawiri musanalembe pempho.

Lankhulani naye, koma molemba

Ngati n'kotheka, mutumizireni uthenga waulemu wonena zimene zasintha, ndalama imene mukupempha, ndi tsiku limene mukufuna yankho, monga pakutha pa milungu iwiri. Mungalembe kuti: "Bambo a mwana, chigamulo chija chatha zaka 5. Mwana tsopano ali pasukulu, ine ntchito inatha. Ndatumiza ndandanda ya zofunika zake pamwezi. Ndikupempha kuti tikambirane." Zakale za ukwati zisalowemo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza: uthenga wotukwana umene mwalemba mutapsa mtima udzawerengedwa mokweza pamaso pa woweruza.

Akavomera, musathere pomwepo. Lembani zimene mwagwirizana, musaine nonse, mupite nazo kukhoti kuti zisanduke chigamulo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la pafoni likasweka, khoti lidzakakamiza ndalama ya pachigamulo chakale yokha. Ngati munthuyo anakuchitiranipo nkhanza kapena mumamuopa, dumphani sitepe imeneyi, muuze a khoti kuti simukufuna kukumana naye panokha, mufunsenso ngati angabise kumene mukukhala.

Perekani pempho msanga

Pa zonse zimene ndalemba, ichi ndi chimene chinandipweteka. M'maiko ambiri ndalama yatsopano imayamba kuwerengedwa kuyambira tsiku limene mwapereka pempho, kapena limene kholo linalo ladziwitsidwa, mwinanso tsiku la chigamulo chatsopano. Siyambira tsiku limene mavuto anayamba. Ku America lamulo la mu 1986 limaletsa kusintha ndalama za miyezi imene inadutsa pempho lisanaperekedwe. Ine ndinataya pafupifupi zaka ziwiri ndikudikira "tiona mwezi wamawa", ndipo za miyezi imeneyo sizinabwerenso. Zokambirana zingapitirire pempho lili kale m'fayilo.

Nthawi zambiri mumapita kukhoti kapena ku ofesi imene inapereka chigamulo. Ngati munasamuka, funsani ngati mlandu ungasamutsidwire kumene mwana akukhala. Adzakupatsani fomu yopempha kusintha chigamulo, kawirikawiri pamodzi ndi chikalata cholumbirira chimene mumalembamo zimene mumapeza ndi zimene mumawononga. Kunama m'chikalata chimenechi ndi mlandu. Perekani mafotokope, mapepala enieni musunge nokha, ndipo pepala lanu alidinde chidindo cha tsiku limenelo. Kholo linalo liyenera kulandira samani mwa njira yovomerezeka, apo ayi mlandu umangoimitsidwa, choncho perekani adiresi yolondola ya kunyumba ndi kuntchito kwake. Milandu yotereyi m'malo ambiri siifuna loya. Koma ngati mnzanuyo ali ndi mabizinesi ovuta kuwalondola, kapena wabwera ndi loya wake, funsani za thandizo laulere la zamalamulo. Ngati mwana ali pa vuto losadikira, monga mankhwala kapena kuthamangitsidwa kusukulu, funsani ngati khoti lingapereke chigamulo chongoyembekezera mlandu usanathe.

Nanga akabisa zimene amapeza?

Wapantchito yolembedwa savuta, chifukwa khoti lingamulamule kubweretsa mapepala a malipiro, ngakhale kuitanitsa kwa abwana ake. Wovuta ndi wabizinesi amene amafika atavala zakutha n'kunena kuti malonda sakuyenda. Lembani zimene mukudziwa mwachilungamo: dzina la bizinesi, galimoto, nyumba za lendi, zimene iye mwini amaonetsa poyera pa Facebook. Kenaka pemphani khoti kuti liitanitse masitetimenti a kubanki ndi mapepala a msonkho. Musathyole foni yake, musatsegule makalata ake. Zimenezo zingakubweretsereni mlandu wina. Makhoti ambiri, akaona kuti munthu wasiya ntchito dala kapena moyo wake sukugwirizana ndi ndalama imene akutchula, amamuwerengera malinga ndi zimene angathe kupeza.

Tsiku la mlandu

Fikani m'mawa, mapepala mutawasanja m'magulu atatu: anu, a woweruza, a kholo linalo. Pamwamba pakhale tsamba lija la zakale ndi zalero. M'malo ena mumayamba mwakhala pansi ndi mkhalapakati kapena wa ofesi yoona za ndalama za ana, ndipo milandu yambiri imathera pomwepo. Musasaine chimene simunachimvetse. Nenani kuti akuwerengereni kachiwiri.

Pamaso pa woweruza yankhani chimene mwafunsidwa, muloze pepala. Kholo linalo likamalankhula, ngakhale likunama, lembani pansi mudikire nthawi yanu. Mwina adzanena kuti ndalamazo mumadyera nokha. Musapse mtima, tsegulani kope. Ine anandinena zomwezo, manja akunjenjemera ndinapereka kope langa, woweruza anatsegula masamba limodzilimodzi osalankhula, kenaka anafunsa bambo a mwana ngati akudziwa mtengo wa mankhwala a chifuwa cha mwana wawo. Sanayankhe.

Mwanayo musamutenge ngati khoti silinamuitane, ndipo musamutume kukapempha ndalama kwa kholo lake. Musamuletsenso kukaona kholo linalo pofuna kulikakamiza. Malamulo ambiri amaika kuona mwana ndi kulipira ngati nkhani ziwiri zosiyana, ndipo amene wamana mnzake mwana amafika kukhoti ali wolakwa kale.

Chigamulo chikatuluka

Musachoke musanadziwe tsiku lokatenga chigamulo cholembedwa. Chionetsetseni kuti chikunena ndalama, tsiku loyambira, tsiku lolipira mwezi uliwonse, ndi amene azilipira fizi ndi zakuchipatala. Woweruza asanatseke, pemphani zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama izidutsa njira yosiya umboni, monga kubanki, kapena izidulidwa kumalipiro ngati munthuyo ali ndi mbiri yozemba. Chachiwiri, alembemo kuti izikwera yokha chaka chilichonse, kuti musadzabwerere kudzayambanso zonsezi. Funsaninso kuti chidzatha liti, chifukwa si kulikonse kumene chimathera pa zaka 18: ku South Africa udindo umapitirira mpaka mwana atayamba kudziimira payekha, ku England ungafike zaka 20 ngati mwana akadali pa maphunziro ovomerezeka.

Akakukanani, pemphani zifukwa zake. Ngati mukuona kuti woweruza walakwitsa, apilo ili ndi masiku owerengeka, ndiye funsani tsiku lomwelo kuti ndi angati. Ngati vuto linali umboni wochepa, khomo silinatsekedwe, zinthu zikasinthanso mungabwererenso.

Kholo linalo likakhala kunja kwa dziko, nkhani imachedwa koma siifa. Pali pangano la ku New York la mu 1956 ndi la ku Hague la mu 2007 othandiza kutolera ndalama za ana kudutsa malire, ndipo maiko ena ali ndi mapangano awoawo ozindikirana zigamulo. Funsani kukhoti kapena ku unduna wa zachilungamo ngati dziko lanu ndi dziko limene munthuyo ali ali pa mgwirizano wotere, ndipo mupite ndi adiresi yake ya kumeneko, dzina la kumene akugwira ntchito, ndi chigamulo chodindidwa ndi khoti.